Miyendo yopendekeka ya tebulo pa kompyuta: bulungizani kaye, mupendeketse pambuyo

Mayi wina wa ku Avondale mumzinda wa Harare anatitumizira chithunzi pa WhatsApp: katebulo kapabalaza, miyendo inayi yotang'adza, yonenepa kumtunda, yowonda kumunsi, mphepete zake zobulungira moti dzanja lingotsetsereka osakodwa paliponse. Anati asanapereke dipoziti aone kaye mmene kadzaonekere katapangidwa ndi mukwa, umene agogo athu ochokera ku Dedza ankautcha mlombwa. Pashopu yathu ya ku Glen View Area 8 zojambula pa kompyuta ndi zanga. Sowo, puleni ndi router (makina obulungizira mphepete za thabwa) ndi za amalume. Ndinawauza kuti ola limodzi ndikhala nditamaliza. Dzuwa linalowa ndikadali pa mwendo woyamba.

Chimene ndinachita ndi chimene aliyense wophunzira SketchUp, pulogalamu yojambulira zinthu pa kompyuta, amachita. Ndinajambula kabokosi ka 45 mm mbali zonse, ndinakakoka kukhala mwendo, kenako ndinagwira phazi lake n'kulikankhira kunja. Mwendo unapendekekadi, ndipo pa sikirini unkaoneka bwino. Vuto linabwera pobulungiza. Ndinajambula kauta pangodya ya pamwamba, ndinatenga Follow Me, chida chokokera chojambula motsata mzere, n'kukatsetsereza mpaka pansi. Kumapeto kunatsala tizidutswa tosongoka ngati minga, pena pali chibowo choonetsa m'kati mwa mwendo, ndipo mphepete ina inabulungira kwambiri kuposa inzake. Ndikafufuta apa, pabooka apo.

Amalume anabwera utuchi uli mbuu m'tsitsi, anayang'ana pang'ono, n'kufunsa kuti, "Mphwanga, thabwa limeneli ukaligula kuti?" Ndinati ndi mukwa womwe uja uli kuseri. Iwo anaseka. "Ine ndikamabulungiza mwendo umakhala utagona pabenchi, uli wowongoka. Umapendekeka pokhapokha ndaumangirira kutebulo."

Nkhani yonse yagona pamenepo. Mwendo wopendekeka ndi thabwa lowongoka limene laimikidwa mopendekeka, mitu yake iwiri itadulidwa kuti igwirizane ndi simenti komanso kunsi kwa tebulo. Router imatsata thabwa, siidziwa kumene kuli pansi. Mukakankha phazi la bokosi monga ndinachitira ine, simunapendeketse thabwa, mwalipotola. Mwendo wanga wa 45 mm uja, utayezedwa mmene sikweya ikanauyezera, unali 44.3 mm, ndipo ngodya zake sizinali madigiri 90 koma ziwiri 88.3, ziwiri 91.7. Kauta kanga nako kanali katagona chafulati pamene njira imene kankayenera kutsata inali yopendekeka. Follow Me imafuna kuti chojambula chimene ikukoka chikhale chopingasa ndendende ndi njira yake; chikapanda kutero imachiwongola yokha, ndipo n'kumene kumachokera minga ndi zibowo zija.

Manambala kaye, mausi pambuyo

Katebulo kathu n'kotalika 420 mm. Thabwa la pamwamba ndi 30 mm, ndiye kuchoka pansi kufika kunsi kwake ndi 390 mm. Mayi aja ankafuna kuti ukayang'ana kutsogolo miyendo ipendekeke madigiri 10, ukayang'ana m'mbali ipendekekenso madigiri 10.

Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna yachiwiri. SketchUp ili ndi mizere itatu yolozera mbali: wofiira ndi wobiriwira yogona pansi, wabuluu woimirira. Iwo amatembenuza mwendo madigiri 10 pa mzere wofiira, kenako 10 ena pa wobiriwira. Zimayandikira, koma sizifika ndendende, chifukwa kutembenuza kwachiwiri kumasintha kumene koyamba kunasiya, ndipo mwendo umapotokera mbali imodzi pang'ono. Njira yoyera ndi kutembenuza kamodzi kokha, molunjika kungodya ya tebulo. Tsegulani kakyuleta ya pafoni, muigoneke kuti tan aoneke, ndipo onetsetsani kuti ili pa madigiri. Tan ya 10 ndi 0.1763. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, muchite chimodzimodzi ndi ya mbali inayo, muphatikize ziwirizo, mutenge square root: mupeza 0.2494. Bwererani ndi tan yobweza (tan⁻¹), ndipo yankho ndi madigiri 14. Choncho 10 kutsogolo ndi 10 m'mbali ndi chimodzimodzi 14 molunjika kungodya.

Kutalika kwa mwendo potsata pakati pake ndi 390 kugawa ndi cos ya 14, zomwe zikupereka 402 mm. Phazi lidzatuluka 69 mm mbali iyi ndi 69 mm mbali iyo. Manambala awiriwa alembeni papepala, mudzayesera nawo ntchito yanu kumapeto. Komanso 69 mm ija ikuuzeni ngati mapazi atulukire kunja kwa thabwa la pamwamba. Akatulukira, anthu azidzapunthwa akamadutsa ndi thireyi ya tiyi.

Tsopano kukula kwa kubulungirako, komwe mapulogalamu onse amati radius. Osasankha ndi maso pa sikirini. Pitani mukatsegule kabokosi ka ma bit, timipeni ta router, muone amene alipo. Ambiri amalembedwa mu mainchi: 1/8 ndi 3.2 mm, 1/4 ndi 6.35 mm, 3/8 ndi 9.5 mm, 1/2 ndi 12.7 mm. Kujambula radius ya 8 mm pamene pashopu palibe bit yake n'kulonjeza kasitomala chinthu chimene amalume adzachipange ndi sandipepa akukutukwanani chamumtima. Ndipo radius isafike theka la malo owonda kwambiri a mwendo. Phazi la 25 mm silingalandire yoposa 12.5 mm; pamenepo mauta awiri akumana, mbali yafulati yatha, ndipo pulogalamu iliyonse imayamba misala. Ife tinatenga 6 mm. Kumtunda kutsala 33 mm yafulati, yokwanira kulandira thabwa la 22 mm lolumikiza miyendo. Kumunsi kutsala 13 mm.

Mtundu wa thabwa nawo uli ndi mawu. Paini wochokera cha ku Mutare ndi ku Nyanga ndi wofewa, mphepete yakuthwa imaphwanyika ikangogundidwa ndi mpando, ndiye amafuna radius yokulirapo. Mukwa umasunga bwino ngakhale ya 3 mm. Koma ayi ndithu osasiya mphepete ili lakuthwa: vanishi sakhalitsa pamenepo, amayamba kusupuka pomwepo.

Mu SketchUp, popanda extension iliyonse

Ndikulemba njira imene siifuna chowonjezera chilichonse, chifukwa anzanga ambiri kuno amagwiritsa ntchito SketchUp Free ya pa intaneti, yomwe siilola ma extension, kapena SketchUp Make 2017 yakale ija imene inatsalira m'malaputopu.

Yambani mwaika muyeso pa mamilimita. Dinani R, mudine Ctrl kuti bokosi liyambire pakati (izi zinayamba ndi SketchUp 2018), mudine pamene mizere itatu ija imakumana, ndipo lembani 45,45. Likakana, kompyuta yanu ikufuna 45;45. Musanapitirire, tengani Protractor, muigoneke pansi pa malo omwewo, muyambire pa mzere wofiira, mulembe 45. Patuluka mzere wamadontho wodutsa ngodya ziwiri zoyang'anizana. Umenewo ndi hinji imene mwendo udzapendekekere. Usiyeni pomwepo.

Bulungizani ngodya tsopano, bokosi likadali chafulati ngati pepala. Dinani A, ndipo musanadine paliponse lembani 6s n'kudina Enter. Uta wa SketchUp umabwera ndi tizidutswa 12. Pa radius ya 6 mm kachidutswa kalikonse kamakhala 0.78 mm, kuchepa kosathandiza aliyense. Tizidutswa 6 timakhala pafupifupi 1.6 mm, ndipo pachithunzi cha tebulo lonse palibe diso lingasiyanitse. Dinani pa mphepete imodzi pafupi ndi ngodya, musunthire pa inzake mpaka uta usanduke wapepo, chizindikiro chakuti wakhudza mbali zonse ziwiri mosathyoka. Lembani 6. Ngodya zitatu zotsalazo ingodinani kawiri pafupi nazo, uta womwewo ubwerezedwa ndipo nsonga ichotsedwa. Ngati pena nsonga yatsalira, ifufuteni ndi E.

Kenako P. Kokerani m'mwamba 20 mm: iyi ndi nsonga yapadera imene tidzadule. Zungulirani kunsi, mukokere mbali ya pansiyo m'munsi 80 mm. Apa ndi pamene matabwa olumikiza miyendo adzalowe, ndipo pamayenera kukhala powongoka, posawonda. Tsopano dinani Ctrl kuti pa mausi paoneke kamtanda, mukokerenso m'munsi 340 mm. Ctrl ija imasiya mzere wozungulira pamene kuwonda kuyambire. Imasiyanso kakhoma m'kati mwa mwendo. Yatsani X-ray, mukasankhe, mukafufute, apo ayi mwendo wanu sudzawerengedwa ngati chinthu chathunthu. Zonse pamodzi ndi 440 mm, kutalika dala kuposa 402 imene tikufuna.

Kuwondetsa ndi kumene ndimakonda kwambiri m'njira imeneyi. Wina angasankhe phazi n'kulichepetsa ndi Scale. Likachepa kuchoka 45 kufika 25, radius nayo ichepa kuchoka 6 kufika 3.3, chinthu chimene bit ya router singachite. M'malo mwake, pa phazipo, sankhani mauta awiri a kudzanja lamanja pamodzi ndi mzere umene uli pakati pawo, mutagwira Shift. Mukatha kusankha m'pamene mudine M. Mukayamba ndi M musanasankhe, mugwira uta n'kuukulitsa m'malo mousuntha. Sunthirani m'kati 10 mm motsata mzere wofiira. Chitani chimodzimodzi kumanzere, kenako kutsogolo ndi kumbuyo motsata wobiriwira. Uta uliwonse usuntha kawiri osasintha msinkhu. Mwendo wawonda, radius idakali 6 mm kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, ndipo palibe mbali imene yathyoka. Ngati mukufuna mwendo wowonda mbali ziwiri za m'kati zokha, monga ambiri amapangira matebulo odyera, sunthani mbali ziwirizo 20 mm iliyonse, zinazo muzisiye.

Dinani katatu pa mwendo, mudine G, muupatse dzina. Ukhale component, chinthu chimene makope ake onse amasintha limodzi, osati group. Chifukwa chake muchiona posachedwa.

Tsopano kupendeketsa. Sankhani mwendo, dinani Q. Ikani mausi pa mzere wamadontho uja, pena paliponse kunja kwa mwendo, dinani osasiya, mukoke motsata mzerewo, kenako musiye. Kukoka kumeneku n'kumene kumauza Rotate kuti hinji yake ndi mzere umenewo. Dinani poyambira, sunthani mausi kuti phazi lilowere kumene mukufuna, lembani 14. Kwezani mwendo wonse 390 mm motsata mzere wabuluu.

Watsala ndi kudulidwa mitu. Kunja kwa component jambulani mabokosi awiri aakulu afulati: lina pa 390 mm, lina pa 2 mm kuchoka pansi. Za 2 mm zija ndifotokoza. Musawajambulire m'kati mwa component, chifukwa m'menemo mizere itatu ija inapendekeka limodzi ndi mwendo, ndipo chimene mungachiyese chafulati sichikhala chafulati. Asankheni onse awiri, Ctrl ndi X, tsegulani component, kenako Edit, Paste In Place. Tsekani.

Musadule msanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. SketchUp inapangidwira nyumba, ku Boulder m'dziko la America m'chaka cha 2000, ndipo ngakhale inadutsa m'manja mwa Google mu 2006 n'kukafika kwa Trimble mu 2012, khalidwe limodzi silinasinthe: timfundo tiwiri tikayandikana kufika pa 0.001 ya inchi imatitenga ngati kamodzi, ndipo timbali tating'ono kwambiri imalephera kutitseka. Podula uta mopendekeka m'pamene tizidutswa totere timabadwa. Mankhwala ake ogwiritsa ntchito pulogalamuyi amawatcha Dave Method. Koperani mwendo ndi M ndi Ctrl, muuike patali. Kope limenelo likulitseni ndi S ka 100. Likhala chimphona cha mamita 44, musaope. Tsegulani chimphonacho, sankhani zonse, dinani kumanja, Intersect Faces, With Selection. Fufutani nsonga ya pamwamba, ya pansi, ndi zotsala za mabokosi aja. Tsekani, mufufute chimphonacho. Popeza ziwirizi ndi component imodzi, kamwendo kanu kadulidwa kale bwinobwino, popanda chibowo. Pa group zimenezi sizikanatheka.

Dinani pa mwendo muyang'ane Entity Info. Pakalembedwa Solid Component, ndiye kuti mwendo watsekeka paliponse. Pakangolembedwa Component, pali chibowo pena pake kapena kakhoma kam'kati kaja simunakafufute.

Phazi

Kumutu kwa mwendo, kumene ukhudzana ndi thabwa la pamwamba, musabulungizeko. Pamafunika kukumana gwa, popanda mpata wosungira fumbi. Koma kuphazi n'kofunika, chifukwa tebulo limakokedwa tsiku ndi tsiku posesa ndi pokolopa, ndipo mphepete yakuthwa ikakoka pa simenti imang'amba ulusi wa thabwa kukwera m'mwamba.

Phazi la mwendo wopendekeka lili ndi chinsinsi chake. Mbali ziwiri zakunja zimakumana ndi pansi pa madigiri pafupifupi 80, ziwiri zam'kati pa 100. Radius imodzimodzi siidya mofanana pa ngodya zosiyana chonchi. Ya 3 mm pa ngodya ya 90 imadya 3 mm. Pa 80 imadya 3.6 mm, pa 100 imadya 2.5 mm yokha. N'chifukwa chake phazi lobulungizidwa limaoneka ngati lakula mbali imodzi ngakhale munalemba nambala imodzi. Pulogalamu sinalakwe, ndi masamu chabe.

Ine paphazi sindibulungiza n'komwe. Ndimangosenga mphepete 2 mm, monga amalume amachitira ndi kapuleni kakang'ono kawiri katatu. Apa m'pamene 2 mm ija ibwerera. Chimphona chija musanachifufute, kapena mupange china, sankhani mbali ya pansi pa phazi, dinani F, mulowetse m'kati 2 mm, kutanthauza 200 pa chimphonapo. Sankhani mbali yam'katiyo, M, muitsitse 200 motsata mzere wabuluu. Ikakana kuyenda, dinani Alt kuti timbali tozungulira tipindike. Wina wamaso akuthwa anena kuti mzere wabuluu wa m'kati mwa component ndi wopendekeka, ndiye phazi silifika pansi ndendende. Zoona, latsala ndi 0.06 mm. Simenti ya m'nyumba zathu za ku Highfield ndi ku Mufakose inakhota kuposa pamenepo.

Miyendo inayi, ndi maonekedwe

Chifukwa mwendo wathu wapendekeka mofanana mbali zonse ziwiri ndipo wawonda mbali zonse zinayi, miyendo inayi ndi chinthu chimodzi. Pa tebulo lofanana mbali zonse, Q ndi Ctrl pakati pa tebulo, madigiri 90, kenako lembani 3x. Pa tebulo lalitali koperani mwendo, muutembenuze ndi Flip ngati pagalasi. Ngati madigiri a kutsogolo ndi a m'mbali ali osiyana, monga zimakhalira pamipando, mukhala ndi miyendo ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo lembani zimenezo papepala lopita kubenchi ndi zilembo zazikulu. Tinatayapo mukwa wabwino chifukwa chodula miyendo inayi yonse ya mbali imodzi.

Yesani tsopano. Camera, Parallel Projection, muyang'ane kutsogolo. Kuchoka pakati pa mutu kufika pakati pa phazi pakhale 69 mm chopingasa. Yang'anani m'mbali, 69 mm yomweyo. Phazi mulipeza pafupifupi 26 mm osati 25, chifukwa tadula kusanafike kumapeto kwa kuwonda. Ngati milimita imeneyo ikukusowetsani tulo, fupikitsani 340 ija.

Mizere isanu ndi itatu imene ili pamene uta ukumana ndi mbali yafulati ikhala ikuonekabe. Pa chithunzi chopita kwa kasitomala ibiseni: E mutagwira Shift. Mukagwira Ctrl m'malo mwake mizere isalala, koma mthunzi umayamba kuyenderera pa mbali yafulati, mwendo n'kumaoneka ngati chitoliro. Ena amakonda choncho, ine ayi. Pa pepala la amalume ndimaisiya ionekere, amaona pamene bit ithere.

Amene muli ndi SketchUp ya pa kompyuta yolola ma extension, pali RoundCorner ndi FredoCorner za Fredo6, zomwe zimafuna LibFredo6 ndi laisensi yolipira. Zimafulumizitsa ntchito, makamaka pa ngodya pamene mphepete zitatu zikumana. Koma sizichiza mwendo wopotoka. Mukazipatsa bokosi lokankhidwa phazi lija zibulungiza bwinobwino thabwa limene kulibe.

Amene muli pa Blender

Blender, pulogalamu ina yojambulira, ndi yaulere kuyambira 2002 ndipo siidya bandulo mukangoiika, n'chifukwa chake achinyamata ambiri akuthamangira kumeneko. Dongosolo ndi lomwelo, koma ili ndi msampha wakewake umene umagwira aliyense kamodzi.

Bokosi la Blender limabwera lili mamita 2 mbali zonse. Mukalemba 45, 45 ndi 440 mm pa Dimensions, bokosilo silinasinthe m'kati mwake, langofinyidwa. Yang'anani pa Scale muona 0.0225, 0.0225 ndi 0.22. Bevel, chida chobulungizira mphepete, imagwira ntchito pa bokosi loyamba lija, ndiye kubulungira kwake kumatuluka kutatamuka pafupifupi ka 10 motsata kutalika kwa mwendo. Musanakhudze china chilichonse, Ctrl ndi A, musankhe Scale, manambala onse abwerere pa 1. Anthu ambiri amene amati Bevel yawo yapenga, vuto limakhala limeneli basi.

Dinani Tab. Ctrl ndi R kuika mzere pamene kuwonda kuyambire. Sankhani mbali ya pansi, S, Shift ndi Z, lembani 0.5556. Pano Scale ndi yololedwa chifukwa sitinabulungize. Sankhani mphepete zazitali zonse, za pamwamba ndi pansi pa mzere uja, Ctrl ndi B, ndipo pa kabokosi kotuluka kumunsi kumanzere ikani Width Type pa Offset, Width 6 mm, Segments 6, Shape ikhale 0.5. Ikangoyenda pang'ono n'kuima, pali timfundo tounjikana pamodzi kapena Clamp Overlap yaigwira. Sankhani zonse, M, By Distance, kenako Shift ndi N, muyesenso.

Popendeketsa tulukani mu Edit Mode, muonetsetse kuti kadontho ka origin kali pakati pa mwendo, 20 mm kuchoka kumutu. Sinthani Rotation Mode ikhale Axis Angle: W ikhale 14, X 1, Y 1, Z 0. Phazi likalowera kolakwika, sinthani chizindikiro cha X kapena Y. Podula gwiritsani Bisect muli mu Edit Mode mutasankha zonse: Plane Normal 0, 0, 1, Plane Point pa msinkhu umene mukufuna, muchonge Fill pamodzi ndi Clear Inner kapena Clear Outer, malinga ndi mbali imene ikutayidwa. Miyendo inayo ibwere ndi Mirror modifier yoyang'ana pa Empty, kachizindikiro kopanda thupi, imene mwaika pakati pa tebulo. Mukakopera ndi Scale ya -1 n'kuikhazikitsa, mbali zimatembenukira m'kati ndipo pachithunzi mwendo umada. Pomaliza dinani kumanja, Shade Auto Smooth.

Mapulogalamu a Fusion ndi FreeCAD ndi osiyana ndi amenewa. Mmenemo uta ndi uta weniweni, osati tizidutswa, ndiye nkhani ya chimphona kulibe. Pangani mwendo wowongoka ndi Loft pakati pa bokosi la 45 ndi la 25, muutembenuze, muudule ndi Split Body ngati muli mu Fusion, Fillet, chida chobulungizira, ibwere kumapeto kwenikweni kuti mukadzasintha madigiri isasokonekere. Paphazi, ngati mukufunabe kubulungiza, Fusion ili ndi Chord Length, imene imasunga m'lifupi mwa kubulungira kukhala mofanana pa ngodya ya 80 ndi ya 100. FreeCAD, imene inafika pa 1.0 mu November 2024, imakana Fillet ikangotsala pang'ono kumeza mbali yonse. Ikakana, chepetsani radius ndi theka la milimita musanayambe kuitukwana.

Kubwerera kubenchi

Chithunzi ndi cha kasitomala. Amalume amafuna manambala. Ndipo pabenchi dongosolo limatembenuka pa chinthu chimodzi: mitu imadulidwa poyamba, thabwa likadali 45 mbali zonse, chifukwa mukaliwondetsa sikweya isowa pogwira. Madigiri 14 aja sawafunanso. Pa mbali iliyonse ya mwendo mzere wodulira umapendekeka madigiri 10, ndiye amaika sikweya yosunthika pa 10, kulemba mbali ziwiri zoyandikana, kuzungulira nawo mzerewo mpaka ukumane pamene unayambira. Mutu ndi phazi zimadulidwa mofanana, motalikirana 402 mm poyeza pa mphepete imodzi. Pa makina odulira mopendeketsa, tebulo lake lizungulire 10, sowo igone 9.9. Kenako kuwondetsa kuyambira 80 mm kuchoka pakati pa mutu, kenako router, kenako sandipepa.

Chinthu chimodzi chimene chojambula chinatichenjeza tisanaononge thabwa: mwendo wa ngodya za 90 ukapendekeka molunjika kungodya, mbali zake ziwiri zam'kati sizikumananso pa 90 ukaziyang'ana kuchokera pamwamba. Zimasiyana ndi madigiri 1.7. Matabwa olumikiza miyendo akadulidwa mongopendeketsa 10 basi, pamapewa ake patsala kampata koti chikhadabo n'kulowa. Ndinayeza ngodyayo ndi Protractor pa sikirini, amalume anaisamutsira pa kachidutswa ka paini, anayesa kawiri, kachitatu mapewa anakhala gwa. M'pamene anatsitsa mukwa uja pa shelefu.